Nsomba ya m'galasi ndi ya padziwe, zonse zimalira madzi abwino

Mmalawi amene adagwirako ntchito m'mahotela kapena m'nyumba za anthu opeza bwino ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town amachidziwa chinthuchi. Ndi thanki ya galasi yoikidwa pabalaza, yodzaza madzi a mchere, yowala ndi nyali zabuluu. M'kati mwake mumasambira tinsomba ta mawanga ofiira ndi achikasu pakati pa zinthu zooneka ngati maluwa omera pamiyala. Eni ake sadya nsombazo ai. Amangoziyang'ana basi, koma ndalama zimene amathirapo munthu wa kwa Nsabwe m'boma la Thyolo akhoza kufolera nazo nyumba ya malata, chenji n'kutsala.

Masiku ano sipafunikanso basi ya ku Joni kuti munthu aone zoterezi. Mnyamata wa pa Thekerani amene wagula bandulo akhoza kutha usiku wonse pa YouTube kapena pa Facebook akuonera matanki a anthu a ku Germany ndi ku America, mtima n'kuyamba kufunsa ngati naye sangakwanitse.

Yankho lachilungamo n'lakuti pakadali pano sangakwanitse, ndipo asayese. Koma amene angathamangire kuseka kuti izi ndi zibwana za azungu osowa chochita ndi ndalama akhala atataya chinthu chaphindu. Anthu oweta nsomba za m'nyanja ya mchere m'galasi adakakamizika kuphunzira za madzi mozama kuposa mlimi wina aliyense, chifukwa kwa iwo kulakwitsa pang'ono kumapha zonse usiku umodzi. Nzeru yomweyo ndi imene ikusoweka pamaiwe ambiri a nsomba m'midzi ya ku Thyolo, kumene mlimi amadandaula kuti makumba ake sakukula koma sadayezepo madzi ake chikumbire dziwelo.

Nkhani ya thanki imayambira pa mchere. Madzi a m'nyanja yaikulu amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse. Ndiye kuti thanki ya malita 200, yofanana ndi mgolo uja amasungiramo madzi amisiri omanga nyumba, imafuna makilogalamu 7 tsiku loyamba lenilenilo. Mcherewo si uja wa pagolosale wothira m'ndiwo. Madzi a m'nyanja muli kashiamu, maginiziyamu ndi michere ina yambiri, choncho oweta amagula mchere wosakaniza kufakitale, umene kuno ungabwere pokhapokha wina ataitanitsa kunja. Oweta ambiri amachotsa gawo limodzi mwa magawo 10 a madziwo sabata iliyonse n'kuthiramo atsopano. Pa thanki yomweyi ndiye chigubu chimodzi cha malita 20 pa sabata, ndipo pofika chaka mchere wopitirira makilogalamu 35 wapita. Kwa munthu wolandira makwacha, amene adaona ndalama yake ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, masamu amenewa akukwana kuthetsa nkhani.

Pali msampha umene umakola oyamba kumene. Madzi akamauluka ndi kutentha, mchere suuluka nawo. Mai aliyense amene adaiwalapo ndiwo pamoto amadziwa kuti msuzi ukamaphwera mchere umayamba kuwawa. Woweta wosadziwa akaona madzi atsika m'thanki amathiramo ena a mchere, mawa ena, mkuja ena, mpaka nsomba zimafa ali kudabwa kuti walakwitsa pati pomwe iye amangobwezera zomwe zachepa. Oyenera kubwezera ndi madzi opanda mchere, osefedwa bwino.

Nanga maluwa aja? Si maluwa. Ndi tinyama ting'onoting'ono totchedwa makorali, tomwe timakhala tambirimbiri pamodzi, ndipo tambiri mwa ito timamanga zigoba zolimba ngati mwala wa laimu. Kunyanja zigobazi zimaunjikana kwa zaka zikwizikwi n'kukhala matanthwe a pansi pa madzi, monga amene ali ku Pemba, kuzilumba za Quirimbas ndi ku Bazaruto m'dziko la Mozambique. M'thupi mwa korali mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zomwe zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, monga momwe chimanga chimachitira ndi dzuwa. N'chifukwa chake thanki imafuna nyali zamphamvu zoyaka maola ambiri tsiku lililonse. Madzi ake amayenera kukhala pakati pa madigiri 24 ndi 27. Akatentha kupitirira muyezo kwa masabata angapo, korali imalavula ndere zija n'kuyera mbee, ndipo ikapanda kuchira msanga imafa ndi njala. Izi sizichitika m'galasi mokha. Mu 1998 makorali ochuluka a m'nyanja ya Indian Ocean adayera n'kufa kaamba ka kutentha kwa madzi, ndipo mu April 2024 bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo la NOAA lidalengeza kuti vutoli lagweranso dziko lonse kachinayi.

Koma phunziro lalikulu kwa mlimi wa kumudzi lagona pa zinyalala za nsomba. Nsomba iliyonse imatulutsa amoniya, mpweya woboola mphuno uja umamveka m'khola la nkhuku losasesa. M'nyanja amoniyayo amasungunuka m'madzi ochuluka osaoneka malire. M'thanki alibe kopita, ndipo ngakhale wochepa kwambiri amawotcha ziwalo zopumira za nsomba. Chimene chimapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya amene amamera pamiyala ndi m'sefa ya thankiyo. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amene nayenso ndi poizoni, ndipo gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, mchere womwe uja uli m'feteleza wa CAN, umene nsomba zimatha kuupirira ukakhala wochepa. Mabakiteriyawa kuti achuluke mokwanira pamatenga masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Nthawi yonseyo thanki imakhala ikuyenda yopanda nsomba, mwini wake akungoyeza madzi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene wagula thanki Loweruka n'kuthiramo nsomba khumi Lamulungu amakhala akuzitola zitayandama pofika Lachisanu, kenaka n'kumanena kuti wogulitsa adampatsa nsomba zodwala.

Oweta odziwa ali ndi khalidwe limodzi loyenera kutengera. Nsomba ikayamba kupuma mwabefu, kudzikhula pamiyala kapena kukana chakudya, sayamba ndi funso lakuti mankhwala ake ndi ati. Amayamba ayeza kutentha kwa madzi, kuchuluka kwa mchere, amoniya ndi asidi, n'kuyerekeza ndi zomwe adalemba m'kabuku sabata yatha. Akapeza chomwe chasintha amakonza chimenecho chokha, n'kudikira. Sasintha zinthu zitatu tsiku limodzi chifukwa zikatero sangadziwe chomwe chathandiza ndi chomwe chaononga. Ndere zobiriwira zikaphimba galasi amadziwa kuti nthawi zambiri vuto ndi dzanja lake lomwe, lathira chakudya chambiri. Nsomba yatsopano saiponya m'thanki yaikulu tsiku logula. Amaisunga payokha pafupifupi mwezi wathunthu kuti aone ngati ili ndi matenda, makamaka aja a timadontho toyera pakhungu, chifukwa mankhwala a kopa amene amapha tizilomboto amaphanso makorali, ndiye matendawo akalowa m'thanki yaikulu mwini wake amasowa pogwira.

Zonsezi zimadalira magetsi osazima. Pampu ikaima madzi amasiya kuyenda, mpweya wa okosijeni umatsika, ndipo m'thanki yodzaza nsomba imfa imatha kuyamba m'maola ochepa. Amalawi sadaiwale zomwe zidachitika namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, pomwe dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku kufikira mu 2023. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi. Kwa Nsabwe kuonjezerapo chiperoni cha mu June ndi July, chimene chingafune hita yoyaka usiku wonse, kenaka kutentha kwa mu October kofuna chozizitsira madzi. Walira mvula walira matope. Wofuna makorali pabalaza walira jenereta ndi mafuta ake omwe.

Palinso mbali imene makanema a pafoni saonetsa. Nsomba zambiri za m'nyanja ya mchere zogulitsidwa m'masitolo a kunja zimagwidwa kunyanja, siziswanitsidwa m'matanki. Ku Philippines ndi ku Indonesia asodzi ena akhala akupopera poizoni wa cyanide m'mapanga a makorali kuti nsomba zikomoke azitole mosavuta, zomwe n'zoletsedwa koma zakhala zovuta kuthetsa. Makorali amafa, ndipo nsomba zambiri zogwidwa motero zimafera m'njira. Kansomba kena ka ku Indonesia kotchedwa Banggai cardinalfish kadagwidwa kwambiri mwakuti mu 2007 bungwe la IUCN lidakaika m'kaundula wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chotheratu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chodabwitsa n'chakuti pamene Mmalawi akusirira nsomba za eni, eni akewo akusirira za ku Malawi. M'masitolo ogulitsa nsomba zoweta ku London, Berlin, Tokyo kapena New York, dzina lakuti Malawi ndi lodziwika ngakhale kwa anthu amene sangaloze dzikoli pamapu. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, mitundu yoposa 700 ya m'banja la chambo, utaka ndi mbuna, ndipo pafupifupi yonseyo sipezeka kwina kulikonse. Mbuna, dzina lochokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ndi tinsomba tokhala m'miyala, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere. Kukongola kwake n'kumene kumachititsa oweta ambiri kunja kunena kuti ndi nsomba za m'makorali zopanda mchere. Tinsombati ndi timene tidachititsa kuti boma likhazikitse paki ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo UNESCO idaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Malonda ake ndi akale. Malemu Stuart Grant, amene adamwalira mu 2007, adatha zaka zoposa 30 akutumiza nsomba zamoyo kunja kuchokera ku Kambiri Point ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo adalemba ntchito Amalawi odziwa kusambira pansi pa madzi. Mmodzi mwa iwo, Saulos Mwale, dzina lake lidalowa m'mabuku a sayansi. Kansomba kena kamene katswiri wa ku Netherlands Ad Konings adakalongosola mu 1990 kamatchedwa saulosi pomulemekeza, ndipo lero dzina lake lonse ndi Chindongo saulosi. Katona ndi kabuluu ka mizere yakuda, kathadzi ndi kachikasu. Padziko lonse kamapezeka mwachilengedwe pamalo amodzi okha, pathanthwe la pansi pa madzi lotchedwa Taiwanee Reef cha kufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Kukongola komweko kudakaputira tsoka. Kadagwidwa mopitirira muyezo mpaka kadatsala pang'ono kutha pathanthwepo, moti okonda nsomba adachita kuswanitsa tina m'matanki n'kukatibwezera m'nyanja.

Chowawa china n'chakuti mbuna zambiri zogulitsidwa kunja lero sizichokeranso ku Malawi. Zimaswanitsidwa m'mafamu a ku Florida, ku Czech Republic ndi m'maiko a ku Asia. Dzina ndi la Malawi, ndalama ikudyedwa ndi ena. Ndipo kuno kwao kwa nsombazo, mwana wa sukulu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje akhoza kumaliza Fomu 4, mayeso a Biology n'kukhoza bwino, asadaonepo mbuna yamoyo.

Apa ndiye pali poyambira pa munthu amene mtima wake wakanirira pa nsomba za m'galasi. Mbuna sizifuna mchere wogula kunja kapena nyali zamphamvu. Zimapirira kusiyana ndi makorali, ndipo kapampu ka mpweya koyendera batire ya sola kakhoza kuzisunga zamoyo magetsi atazima. Zili ndi zofuna zake komabe. Madzi a m'nyanja ya Malawi alibe asidi wambiri, pH yake imakhala cha m'ma 8, pomwe madzi a mvula ndi a m'timitsinje ta kumapiri nthawi zambiri amakhala opepuka, choncho pansi pa thanki pamafunika miyala ya laimu kapena zigoba za nkhono zotsuka bwino. Madzi a pampopi kapena othira WaterGuard ali ndi klorini, amene amateteza anthu ku kolera koma amapha nsomba ndi mabakiteriya ofunika aja. Kuzizira kwa mu June nako sizikondwa nako, poti kunyanja zidazolowera madzi ofunda. Komanso mbuna ndi zandewu kwabasi. Tona mmodzi amafuna mathadzi angapo ndi miyala yambiri yobisalamo, apo ayi amathamangitsa anzake mpaka kuwapha. Amene angapirire zonsezi adzaona chinthu chimene ngakhale asodzi ambiri amangochimva: thadzi likusunga mazira m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu osadya kanthu, kufikira tiana titatuluka tikusambira.

Chenjezo lofunika n'lakuti nsomba za m'paki sizigwidwa, ndipo kugwira, kugulitsa kapena kulowetsa m'dziko nsomba zamoyo kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nsomba. Ndipo nsomba kapena chomera cha m'thanki chikatopetsa sichitayidwa mumtsinje. Ku America nsomba yaminga yotchedwa lionfish, imene akatswiri amakhulupirira kuti idatayidwa m'nyanja ndi oweta a ku Florida m'zaka za m'ma 1980, yafalikira m'nyanja ya Caribbean ndipo ikumeza nsomba za kumeneko. Chitsanzo chapafupi ndi namasupuni. Kwao ndi ku South America, adafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa, koma mumtsinje wa Shire wakhala akutseka makina opangira magetsi ku Nkula ndi kuvutitsa asodzi.

Tsono nkhani ifike padziwe, poti kumeneko ndiko kuli ndiwo ndi fizi ya ana.

Thyolo ndi boma la akasupe ndi timitsinje tambiri, ndipo malo olima ndi ochepa kaamba ka kuchuluka kwa anthu ndi minda ya tiyi. Nthochi zomwe zinkadyetsa mabanja ambiri a dera la Thekerani zidasakazidwa ndi matenda a chisaka. M'malo otere dziwe la makumba, chilunguni kapena mlamba m'dimba si chinthu chamasewera. Kunyanja nako zinthu sizili bwino. Mu 2018 IUCN idalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Nsomba ya mawa idzachokera kwambiri m'maiwe, kufuna kusafuna.

Dziwe ndi thanki yaikulu yokumba pansi. Malamulo ake ndi omwe aja. Mlimi akadzuka m'mamawa n'kupeza nsomba zake zonse zili pamwamba, kukamwa yasa ngati zikupempha, ambiri amaganiza kuti zili ndi njala n'kuthiramo madeya ena. Kumeneko n'kuthira mafuta pamoto. Nsombazo zikusowa mpweya. Masana ndere zobiriwira za m'dziwe zimatulutsa okosijeni, koma usiku zimamwa okosijeni yemweyo pamodzi ndi nsomba ndi zinyalala zowola pansi. N'chifukwa chake nthawi yoopsa ndi m'bandakucha, makamaka kukakhala mitambo masiku angapo otsatizana, zomwe ku Thyolo si zachilendo. Chofunika tsiku limenelo n'kusiya kudyetsa, kusiya kuthira manyowa ndi kulowetsa madzi atsopano. Mlimi amene amayendera dziwe lake dzuwa litakwera kale sangaone chizindikirochi. Amangoona nsomba zakufa n'kuyamba kuganizira mnansi amene adakangana naye za malire. Milandu ina ya ufiti ndi ya kuthirirana tameki imene imafika kwa nyakwawa ikadatha ndi ulendo umodzi wa padziwe tambala woyamba atalira.

Kuyeza kwina sikufuna ndalama. Alangizi amaphunzitsa kuviika mkono m'dziwe mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuonekabe bwinobwino, madziwo ndi oyera kwambiri, mulibe chakudya chachilengedwe ndipo pakufunika manyowa. Ngati chikhatho chasowa mkono usadafike n'komwe pakati, manyowa achuluka ndipo usiku mpweya udzavuta. Madzi abwino ndi obiriwira pang'ono, chikhatho n'kumazimiririka cha m'chigongono. Madzi ofiira ndi dothi ndi nkhani ina. Amatchinga dzuwa, ndere sizimera, ndipo gwero lake kawirikawiri ndi munda wolimidwa mpaka m'mphepete mwa dziwe kapena ngalande yobweretsa madzi a mvula kuchokera kumtunda.

Pali china chimene alimi a dera la tiyi ayenera kuchidziwa kuposa anzawo a kwina. Tiyi amakonda dothi la asidi, n'chifukwa chake amachita bwino ku Thyolo ndi ku Mulanje. Nsomba sizikonda asidi. Dziwe lokumbidwa m'dothi lotere likhoza kumeza manyowa ngolo ndi ngolo madzi osabiriwira, mlimi n'kumati mbewu ya nsomba ndi yoipa. Mankhwala ake ndi laimu wa kumunda wowazidwa pansi pa dziwe lisadadzazidwe madzi, ndipo phulusa la nkhuni limathandizako. Koma kuti munthu adziwe ngati vuto lake ndi limeneli pamafunika kapepala koyezera pH, komwe kaja oweta nsomba za m'galasi amagwiritsa ntchito sabata iliyonse.

Kuzizira nako kumadya ndalama mwakachetechete. Nsomba za mtundu wa makumba ndi chambo zimadya ndi kukula bwino madzi akafunda kupitirira madigiri 25. Akatsika kufika pansi pa 20 zimadya pang'ono kwambiri. Mlimi amene amathira madeya ofanana mu July ndi mu November akutaya chakudya, ndipo chotsalacho chikuwolera pansi n'kusanduka amoniya uja. Kathemometa kamodzi kakhoza kumuuza tsiku loyenera kuchepetsa.

Za kusunga nsomba yatsopano payokha, Malawi adaphunzira mowawa. Mu 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS adapezeka m'boma la Mchinji n'kufalikira m'maiwe ndi m'mitsinje ya m'chigawo chapakati, moti boma lidaletsa kwa kanthawi kusodza ndi kusamutsa nsomba m'madera okhudzidwawo. Matenda otere amayenda ndi mbewu ya nsomba, madzi ndi maukonde obwerekana. Chizolowezi chopempha tiana ta nsomba kwa mnansi, kutinyamula m'ndowa n'kutikhuthulira m'dziwe pamodzi ndi madzi ake, ndi chimene woweta wa m'galasi sangachite ngakhale atamulipira. Kadziwe kakang'ono kapambali kosungiramo alendo kwa masabata angapo ndi kuyanika ukonde padzuwa usadalowe m'dziwe lina sizidula kanthu poyerekeza ndi kutaya nsomba za chaka chonse.

Ena anganene kuti vuto la alimi a nsomba si madzi koma kukwera mtengo kwa chakudya, kusowa kwa mbewu yabwino, akuba, akatumbu ndi ang'azi. Akunena zoona, ndipo palibe kapepala ka pH kamene kangathamangitse katumbu. Koma mwa mavuto onsewa, la madzi ndi limene mlimi angalithetse yekha popanda ngongole, komanso ndi limene limaononga phindu la zina zonse. Mbewu yabwino yochokera ku Domasi ikalowa m'dziwe la asidi, losowa mpweya, imapinimbira chimodzimodzi ndi ya kwa mnansi. Chakudya chodula chothiridwa m'madzi ozizira ndi manyowa odula basi.

Mabungwe ambiri amene adalimbikitsa ulimi wa nsomba m'midzi adathera mphamvu pa kukumba. Dziwe limaoneka bwino pachithunzi cha lipoti, ndipo n'losavuta kuwerenga: maiwe mwakuti akumbidwa, nsomba mwakuti zagawidwa. Kuphunzitsa munthu kulemba kutentha kwa madzi m'kope tsiku ndi tsiku sikujambulika. Zotsatira zake ndi maiwe amene amayamba ndi nthungululu, pakatha zaka ziwiri n'kusanduka moswanirana achule ndi udzudzu.

Nthambi ya za nsomba, malo a kafukufuku a National Aquaculture Centre ku Domasi ndi sukulu ya LUANAR ku Bunda ali ndi akatswiri odziwa zonsezi. Chikusoweka n'kutsitsa nzeruzo kuti zifike pa kalabu ya alimi kwa Nsabwe m'chilankhulo chawo ndi pamtengo wofikirika. Kalabu ya anthu 20 siyingalephere kusonkherana kugula themometa imodzi, paketi ya mapepala a pH ndi kope, ngati zinthuzo zitamapezeka m'masitolo a zaulimi pa Thyolo boma, pa Luchenza ndi pa Thekerani, pafupi ndi mbewu za masamba ndi mankhwala a nkhuku. Ogulitsa sangazisunge popanda ozifunsa, ndipo alimi sangazifunse asadazione zikugwira ntchito. Woyambitsa ayenera kukhala mlangizi.

Masukulu a sekondale nawo ali ndi mbali yawo. Thanki imodzi ya madzi opanda mchere mu labotale, ya makumba ang'onoang'ono ngakhale mbuna zoswanitsidwa movomerezeka, ingaphunzitse za amoniya, okosijeni ndi asidi kuposa zojambula za choko pabolodi. Ana akhoza kusinthana kuyeza madzi m'mawa uliwonse, n'kumalemba, ndipo nsomba ikafa afufuze m'kope chomwe chidasintha m'malo mongoitaya. Makampani a tiyi amene amathandiza kale masukulu oyandikana ndi minda yawo sangaone kulemera kugula galasi, kapampu ndi sola yaing'ono. Mwana wophunzira motero akabwerera kumudzi pa holide ya mu August adzapeza madzi a m'dziwe la bambo ake akadali ozizira, ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka chowauzira kuti madeya a tsikulo achepetseko.